Mawu a Yonasi atsala mzere umodzi

Lachiwiri lapitali ndinaperekeza alamu anga, a Zefaniya a ku Magaleta, kwa munthu wokonza mawailesi pa Lisungwi. Ananyamula galamafoni yakale ya mabatire ataikulunga m'chitenje, ndipo chimbale chimodzi chaching'ono chakuda anachibisa m'kati mwa jekete. Ulendo wonse pa matola dzanja lawo silinachoke pachifuwa.

Ndikuuzeni kaye za chimbalechi.

A Zefaniya anali ndi mng'ono wawo, Yonasi, yemwe ankagwira ntchito ya m'hotela ku Halale. Kumeneko ankaimbanso gitala, mpaka anamujambula nyimbo ziwiri pa chimbale, ina mbali iyi, ina mbali inayo. Pobwerera kumudzi anabwera nacho pamodzi ndi galamafoniyo. Imodzi mwa nyimbozo inkanena za tambala wokalamba wokana kutsika padenga. Inu amene munakhalapo m'nthawi ya chipani chimodzi mwadziwa kale mmene zinathera. Wina wa m'mudzi momwemo anakanena. Galimoto inabwera dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona, n'kumutenga Yonasi. Sanabwerenso. Manda ake palibe akuwadziwa.

Tsiku lomwelo a Zefaniya anaika chimbalecho m'chitini n'kuchikwirira pansi pa khola la mbuzi. Chinakhala m'menemo zaka zoposa makumi awiri. Titavota, mantha atayamba kuchepa, anachifukula. Kuyambira pamenepo, Lamulungu lililonse akaweruka ku tchalitchi, ankachiimba. Singano ikamadumpha, ankasanjika kandalama kachitsulo pamwamba pa mkono wa galamafoni kuti ulemere. Kandalama katalephera, anamangirirapo nati ya njinga. Koma phokoso linkangowonjezeka, kuthetheka ngati moto wa udzu, mawu a munthu akunka nazimirira.

Wokonza mawailesiyo, a Mbewe, ndi bambo wa imvi, wosafulumira kuyankhula. Anachotsa nati ija, n'kuyang'ana singano pa kagalasi kawo. Kenaka anapendeketsa chimbale pa kuwala kwa pakhomo. Mizere yake inali itayera mbuu.

"Bambo, mwachiimba kangati ndi singano imeneyi?"

"Sabata iliyonse chichokereni chisankho," anayankha a Zefaniya. "Kodi ndalakwitsa?"

A Mbewe anaika kagalasi kaja pansi. "Singanoyi inatha kalekale, nsonga inabuntha. Ndiye mwailemetsanso ndi chitsulo. Mwakhala mukuchipala chimbale chanu. Kafumbi kakuda kamene mumapukuta pa singano aka si dothi ayi, ndi chimbale chenichenicho."

Alamu anga anakhala pa benchi.

A Mbewe anatifotokozera kuti kamutu kogwira singano kali mitundu iwiri. Kena n'kotchipa, kolemera, kamakanikiza kwambiri ndipo kamadya mizere. Kena n'kopepuka, kansonga yolimba, kamangotsata mzere mosavulaza, koma galamafoni yaing'ono ngati iyi singakakwanitse. Ndipo ngakhale ku Limbe, akuti, masitolo anasiya kuitanitsa zoterezi, aliyense ali pa makaseti. Mwamwayi anali ndi galamafoni ina yaikulu imene mwini wake anaisiya osadzaitenganso, ya kamutu kabwino.

Anatsuka chimbale ndi madzi oyera ndi kasopo pang'ono, akupukuta ndi kansalu kofewa motsata mizere, osati mopingasa. Anachiimika pamthunzi kuti chiume, poti padzuwa chimapindika. Tinadikira. Panja amayi ankaitanira malonda a tomato.

Atachiika pa galamafoni yaikuluyo, kuthetheka kunachepadi, koma nyimbo sinabwerere. Gitala ankamveka patali ngati ali kutsidya kwa mtsinje. Mawu anali mkokomo chabe. Chakumapeto kwenikweni, pamene a Zefaniya ankakonda kuchotsa singano msanga poopa kutha mabatire, panatuluka mzere umodzi womveka bwino, mawu a mnyamata, opyapyala, ngati akuseka. Kenaka zii.

"Bwezeraninso pomwepo," anatero a Zefaniya.

"Ndibwezera kamodzi, ndipo ndijambula pa kaseti," anatero a Mbewe. "Muzikamvera kasetiyo. Ichi mukachisunge choimika, musakachiimbenso."

Mbali inayo inali itadyedwa ndi chinyontho cha pansi pa khola. Sitinamvepo kanthu.

Pobwerera, fumbi la msewu likutilowa m'kamwa, alamu anga anayankhula kamodzi kokha. "Achipani anam'tenga, ine ndamumaliza." Ndinayesa kuwatsutsa, koma mawu anga anali opanda mphamvu. Madzi akatayika saoleka.

Abale anga, mlandu uli pa a Zefaniya kodi? Munthu amene anakwirira mawu a mbale wake pansi pa ndowe za mbuzi chifukwa cha mantha? Chimbalecho chikanakhala pa shelefu zaka zonsezo, singano akanasintha nthawi yake idakali kupezeka m'sitolo, ana a Yonasi akanakula akumva bambo awo. Lero ndi anthu aakulu a mabanja awo, ndipo zimene adzamve za bambo awo sizikwana ngakhale mpweya umodzi.

Ndipo si ku Magaleta kokha. Pitani ku Dambe, pitani ku Chifunga, funsani mwaulemu. Mupeza amene anawotcha makalata, amene anang'amba zithunzi, amene anasiya kutchula dzina la mwana wawo mpaka adzukulu sadziwa kuti kunali munthu wotere. Ufulu wafika, eya. Tikuvala nsalu za chipani chimene tikufuna, tikukweza zala pamisonkhano. Koma ukangofunsa za amene anatengedwa, yankho ndi limodzi: "Zakale zisiyeni, tiyang'ane kutsogolo."

Amene amanena zimenezi mokweza kwambiri, mwaona kuti ndi ndani?

Munthu amene anakamunenera Yonasi ali moyo. Amapemphera tchalitchi chimodzi ndi a Zefaniya, mabenchi awiri kutsogolo kwawo. Masiku ano ali ndi udindo m'chipani chatsopano. Amapatsana moni, "Mwadzuka bwanji?", "Ndadzuka, kaya inu?", basi. Amene ankayendetsa galimoto ija mwina nayenso alipo kwinakwake, akudyerera adzukulu. Iwowa akudziwa kumene Yonasi anatsitsidwa.

A Zefaniya safuna kuti wina amangidwe. Ndinawafunsa. Akuti mphamvu ya milandu alibe, maso ayamba kuchita khungu, miyendo ikutupa. Akungofuna malo oti akaimepo, avule chipewa, anene kuti mwana wa mayi anga ali apa.

Inu amene mukudziwa malowo, mukudikira kuti a Zefaniya amwalire kaye?