Malamulo a Mpira wa Gaelic Ndinapeka Ndekha

Inde, ndinanama, ndipo pafamu pathu ku Mvurwi palibe amene sakudziwa.

Mlongo wanga Esinati, amene amasamalira okalamba ku Ireland, ananditumizira kavidiyo pafoni. Anthu ankathamanga mpira uli m'manja, kuumenya ndi chibakera, kenako kuukankha ndi phazi kudutsa pamwamba pa golo. Anati umenewo ndi mpira wa Gaelic. Ine, amene timu ya pafamu inandichotsa chifukwa chogwiragwira mpira ndi manja, mtima unangoti ndafika kwathu.

Titamaliza kusankha fodya, ndinauza anzanga kuti malamulo onse ndikuwadziwa. Chikhalirecho kavidiyoko kanali ka mphindi ziwiri zokha. Tinamangirira mitengo ya bulugamu pamagolo, zotsalazo ndinkangopeka pomwepo. Ndikatopa, ndinkati lamulo likuti tipume. Tsiku lina mnzathu wina, a Phiri, atandigwetsa, ndinawatulutsa m'bwalo ndi lamulo lomwe ndinaliganiza ndili chigonere pansi.

Pa Khirisimasi Esinati anabwera kudzationera. Sanapirire nthawi yaitali.

"Nhai achimwene, chimenechi n'chiyani? Ku Ireland kuja sathamanga ndi mpira bwalo lonse ngati munthu woba nkhuku!"

Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. A Phiri okha sanaseke.

"Nanga lamulo lija munanditulutsa nalo lija?"

"Langa," ndinayankha.

Manyazi ndinachita, sindikukana, koma kupepesa ayi. Ndani wina akanabweretsa masewerawa kuno? Esinati anatilembera malamulo enieni, tinawayesa Lamlungu limodzi, ndipo a Phiri omwewo ndi amene anati tibwerere ku anga.