Kalata Yondikalipira Imene Ndinabisa Zaka Zisanu

Ndinanyamuka ku Thambani Lachiwiri, sikisi koloko m'mawa, nditavala jekete ya kutchalitchi, jumbo ya mapepala anga onse m'manja. Ulendo unali wa ku boma, ku ofesi ya zantchito. Nkhani yake nayi. Ndalondera zaka khumi ndi chimodzi pa kampani ina yolongosola mapepala a katundu kumalire. Nditagwira zaka zisanu ndi chimodzi, mayi a kunyumba anadwala, ndipo bwana anandilola pakamwa kukawadwazika, miyezi isanu yopanda malipiro. Tsopano popuma ntchito, kalaliki wawo akuti giratuwite, ndalama ya tsalani bwino ija, awerenga kuyambira tsiku limene ndinabwerera. Zaka zoyambazo akuti zinafa.

Pikapu ya matola inandidya K5,000. Anandikhazika pa thumba la nandolo, mayi wina wa nkhuku kumanja, kumanzere mkulu amene anati anayendetsapo mathiraki a ku Tete.

"Madala, jekete Lachiwiri, kwagwanji?" anatero mayiyo.

"Ndikukafunsira mbeta."

"Ndi mano awiriwo?"

"Atatu, mayi. Linalo ndi lamanyazi, limakhala kumbuyo."

Wa mathiraki uja nditamufotokozera zoona zake, anapukusa mutu. "Tchuthi chopanda siginecha n'kuthawa ntchito, achimwene. Tsikani pompano, mupulumutse ya pobwerera." Sindinatsike, koma nthabwala zinandithera mpaka pa boma.

Tinafika cha m'ma teni, fumbi lili mbuu m'nsidze. Ndinadya zitumbuwa ziwiri ndi tiyi, K1,200, n'kukakhala pa benchi. Amene anandiitana anali mtsikana wa kumpoto, msinkhu wa mdzukulu wanga, zala zikuthamanga pa kompyuta osayang'anapo n'komwe. Mumtima ndinati ameneyu andifunsa dzina la agogo anga n'kundibweza. Ndinamufotokozera nkhani yanga.

"Bambo, chilipo chosonyeza kuti anakulolani?"

"Tinagwirana chanza basi."

"Takhuthulani jumboyo apa."

Munatuluka khadi ya ubatizo, makuponi akale a feteleza, ndi envelopu imene ndinaitsomphola msanga. "Iyi ayi, amayi. Ndi yonyoza."

Anangotambasula dzanja. Anawerenga mokweza, anthu a pa benchi akumva: "Tchuthi chimene tinakupatsani chatha. Mukapanda kufika Lolemba tilemba wina. Musatiyese abale anu." Pansi pake chidindo cha kampani.

"Munafika Lolembalo?"

"Lamlungu madzulo."

"Ndiye ntchito yanu siinadukepo. Lamulo limati munthu akachoka ndi chilolezo cha bwana, kaya ndi tchuthi cha pachaka, cha matenda, kaya chonga chanuchi, zaka zake zimapitirira. Malipiro a miyezi isanuyo simulandira, koma zaka zanu ndi khumi ndi chimodzi. Bwana wanu wachitira yekha umboni."

Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 5, koma ichi chinandilowa. Anthu amene sanandionepo, atakhala kutali uko, anaganiziratu kuti mlonda nayenso mkazi wake akhoza kudwala, n'kulemba m'buku. Masiku amene ndinkachapa mabulangete ndi kupereka phala ndi supuni, boma linkandiwerengabe wantchito. Mtsikanayo analemba kalata yopita ku kampani, osapempha ngakhale ya fanta. Ndinatuluka chammbuyo, chipewa m'manja, ngati ndikuchoka pa guwa.

Pobwerera ndinapeza mpando wa kutsogolo, K6,000, poti tsopano ndinali munthu wa zaka khumi ndi chimodzi. M'njira ndinaphunzira kuti bwana akakukalipira, umupemphe achite kulemba.

Ndinafika nkhuku zisanalowe. Ndinawawerengera mayi a kunyumba kalata yonyoza ija, koyamba, n'kuulula kuti ndinaibisa kudenga kuopa angadziwe kuti ntchito inatsala pang'ono kutha chifukwa cha matenda awo.

Anapitiriza kusadzula masamba. "Ndinaiwerenga sabata yomwe ija. Inuyo mumati anaikulunga m'pulasitiki kuti chiswe chisadye ndi ndani?"