Dzanja Lifike pa Khutu

Nditalemba mayeso a Fomu 4, zotsatira zinabwera zosati n'kupita nazo patali, ndiye ndinangokhala pakhomo mpaka amayi anatopa nane. Tsiku lina mayi wina wa kutchalitchi kwathu, amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi n'kutsegula sukulu ya mkombaphala kufupi ndi ku Chia, anandiitana. Anati akufuna mtsikana wowathandiza. Ine m'makutu mwanga zinamveka ngati ndakhala mphunzitsi, moti m'mawa mwake ndinasita siketi n'kuvala nsapato zopitira kutchalitchi. Kalanga ine! Ntchito yanga yoyamba inali yosambitsa kamnyamata kamene kanadziipitsira katangofika pasukulupo.

Umu ndi mmene ndinaidziwira ntchito ya wothandizira. Amadamu, poti ndi mmene tonse tinkawaitanira mayi aja, ankaphunzitsa zilembo ndi manambala. Ine ndinkapukuta mamina, kuleretsa ndewu, kuyala mphasa, kugawa phala ndi kusakasaka nsapato imodzi imene yasowa. Ana ankandiitana kuti anti. "Anti, wanditsina!" "Anti, ndikufuna kukodza!" "Anti, taonani chilonda changa!" Pofika masana mawu amenewa ankandilira m'makutu ngati udzudzu. Ndine wapakamwa ine, ndipo mtima wanga suchedwa kupsa, koma ana aja anandiweta. Ungamukalipire bwanji munthu amene akukupatsa chinangwa chake cholumaluma kuti nawenso ulumeko?

Pa ana onsewo panali mtsikana mmodzi amene ndinkamukonda mopanda manyazi. Amadamu ankati mphunzitsi sakondera, ine n'kumavomera pakamwa pokha. Mwanayu zaka anali nazo, koma thupi linali laling'ono, moti anzake akakangana naye ankamunena kuti usipa. Mutu wokha ndiye unali waukulu, nzeru zake momwemo. Zilembo zonse ankazidziwa, dzina lake ankalemba yekha pamchenga, ndipo ndikasokoneza nyimbo ankandiyang'ana n'kunena kuti, "Anti, si choncho." Amayi ake ankagulitsa chambo pamsewu, ndiye m'mawa ankangomutula pasukulu pathu n'kuthamangira kukadikira asodzi.

Anali ndi mnzake wapamtima, mtsikana wamtali, mwana wa bambo wina wa golosale, amene akaweruka kwathu ankapita ku madrasa. Awiriwa sankasiyana. Phala ankamwera pamodzi, kuchimbudzi ankaperekezana, ndipo ukalanga mmodzi ankalira ndi winayo.

Chaka chikupita kumapeto, amadamu anayamba kukonzekeretsa ana aakulu oti akayambe Sitandade 1. Kupulayimale ankafuna umboni wa zaka za mwana, ndipo ambiri ankapita ndi buku la kusikelo. Buku la mwana wanga uja linawonongeka madzi atalowa m'nyumba mwawo nthawi ya dzinja. Mwana wopanda buku ankamuyesa mwachikale: adutsitse dzanja pamwamba pa mutu n'kugwira khutu la mbali inayo. Dzanja likafika, ndiye kuti wakula, alowe m'kalasi. Likapanda kufika, abwerere akamwe phala chaka china.

Tinawayesa ana onse tokha kuti tidziwiretu. Wamtali uja anagwira khutu mosavuta, mpaka kulikokakoka modzionetsera. Itafika nthawi ya mnzakeyo, anakweza dzanja, n'kulidutsitsa pamutu, zala n'kuthera m'mwamba. Pakati pa zala ndi khutu panatsala mpata wolowa chala changa chachikulu. Anayesanso, kuluma mlomo, kuima ndi zala za kumapazi ngati zithandiza. Ayi ndithu.

Anandiyang'ana, kenaka anayang'ana tiana tating'ono timene tinali titagona pamphasa. "Anti, ndiye kuti ine nditsala ndi ana odzikodzerawa?"

"Sutsala," ndinatero. "Ine ndili moyo, iwe sutsala."

Pakamwa panga panalonjeza mutu usanaganize, monga mwa nthawi zonse. Koma lonjezo kwa mwana ndi ngongole yoipa, amakukumbutsa m'mawa uliwonse. Ndiye ndinayamba ntchito yotalikitsa mkono. Kuseri kwa sukulu kunali mtengo wa mango wa nthambi yotsika, ndipo nthawi yopuma ndinkamunyamula kuti alendewere pamenepo mpaka atatopa. Tikamaliza ndinkamugwira dzanja n'kumalikoka pang'onopang'ono, mnzake wamtali uja atamugwira m'chiuno. Mphika wa phala ndinkamupatsa iyeyo kuti akombe. Amayi ake nawo, nditawauza, anayamba kumusungira mutu wa chambo tsiku lililonse, ati mafupa akule.

Amadamu atatipeza pamtengo paja anagwira m'chiuno. "Mwanawe, mkono si legeni yoti uzikoka. Umuthyola mwana wa eni ake, tikayankha chiyani?"

"Amadamu, ukutalika ndithu, taonani."

"Ukutalika m'maso mwako," anatero, koma akuchoka ndinawaona akuseka.

Sizinatenge nthawi, sukulu yonse inatengera. Ngakhale tiana tosatha kulankhula tinkayenda manja ali pamutu. Kholo lina linabwera kudzafunsa ngati kusukulu kwagwa nsabwe, poti mwana wake akungokhalira kugwira m'mutu. Mwana wanga uja anayesa kuba, kumapendeketsa mutu kapena kudutsitsa dzanja kumbuyo kwa khosi. Ndinamuletsa. "Kumeneko aphunzitsi ali ndi maso, iwe. Mutu uwongoke."

Kaya ndi mango, kaya ndi mitu ya chambo, kaya mwana anangokula mmene ana amakulira, ine sindidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti m'mawa wina, tili pakati pogawa phala, ndinamva kukuwa: "Anti! Anti! Lafika!" Nditacheuka ndinamuona ataima njo, mutu uli chilili, nsonga ya chala chapakati itakhudza pamwamba pa khutu. Kukhudza kokha, osati kugwira, koma kunali kukhudza ndithu. Ndinalulutira chikho cha phala chili m'manja, phala n'kutayikira pa siketi. Ana onse anavina osadziwa chimene akuvinira, ndipo amadamu anamuyesa okha kawiri asanavomereze.

Tsiku lolembetsa litafika, amadamu anatsala ndi tiana tating'ono, ine n'kuperekeza aakuluwo kupulayimale. Kunali anthu mbwee, amayi ndi ana pamzere wautali, dzuwa likuswa mtengo. Aphunzitsi aakulu anakhala patebulo pansi pa mtengo, akulandira mwana mmodzimmodzi. Mwana wanga anafika mochedwerako ndi amayi ake, ndipo nditamuona ndinaomba m'manja. Anali atavala diresi lake la pa Khirisimasi, ndipo tsitsi lake anali atalimanga ndi ulusi, timichira titaima njonjonjo pamutu ponse, tokongola zedi.

Tsitsi limenelo linali chuma cha amayi ake. Linali lalitali, lakuda bii, ndipo chimetereni tsitsi lobadwa nalo sanalidulepo. Masiku onse ankangoliluka mizere yogona, koma tsiku limenelo anafuna zapadera. "Anti, kupulayimale amameta," anandiuza. "Ndiye ndinati alowe ali mfumukazi, lumo limupeze mawa. Dzulo sindinapite n'komwe kumsewu, ndinakhalira limeneli."

"Mwachita bwino, mayi," ndinatero ine. "Aone kuti kwathu kumachokera ana osamalika."

Wamtali uja anali ndi buku, analembedwa osavutika, koma anakana kulowa m'kalasi, anaima pambali kudikira mnzake. Mwana wanga anafika patebulo n'kupereka moni mwaulemu monga tinawaphunzitsira. Aphunzitsi aakulu anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. "Buku lilipo?" Amayi ake anafotokoza za madzi aja. "Chabwino. Tagwira khutu, mwanawe."

Anakweza dzanja monyadira. Mkono unakwera, n'kukakhala pamwamba pa timichira tija, zala n'kumangopalasa m'mwamba, kutali ndi khutu kuposa tsiku loyamba lija. Anayesanso. Anayesanso kachitatu, maso ali pa ine.

"Chaka chamawa," anatero aphunzitsi aakulu. "Wotsatira."

Apa mtima wanga unapsa. "Abambo, mwana uyu amalemba dzina lake! Zilembo zonse amazidziwa! Mufunseni chilichonse, muone ngati salongosola kuposa ena mwawalembawa!"

Bambo aja sanakwiye. Anavula magalasi n'kundilozera mzere. "Mayi, taonani anthuwa. Mayi aliyense pamenepa akuti wake ndi wanzeru, ndipo m'kalasimo ana akhala mothinana kale. Ndikalola uyu dzanja lisanafike, enawa ndiwabweza ndi pakamwa pati? Dzanja lifike pa khutu, ndimulemba pompano."

Tinapatuka n'kukakhala pamthunzi wa kalasi ina. Mwanayo sanalire, ankangoyang'ana dzanja lake ngati lamunamiza. Amene ankalira ndi mnzake wamtali uja, akuti iyenso sukulu sakuifuna. Ine chisoni chinandigwira, ndi manyazi omwe, poti ndine ndinalonjeza. Ndinamusisita pamutu kuti ndimutonthoze, dzanja langa n'kugunda pa timichira tija, tolimba ngati timitengo.

"Mayo ine! Mayi, ndi tsitsili! Mkono ukukwera phiri usanatsikire kukhutu!"

Mayi aja anagwira pakamwa. Tinayamba kumasula tonse awiri, koma ulusi anali ataumanga mwaluso, wothina, mfundo zake zosaoneka poyambira. Tinamasula kamchira kamodzi, kachiwiri, tsitsi lomasukalo n'kufutukuka kukhala chithukuthuku choposa poyamba. Nditayang'ana kutebulo ndinaona mzere ukutha, ndipo aphunzitsi aakulu anali atayamba kusonkhanitsa zolembera zawo.

Tsidya lina la msewu, pakhonde la sitolo, panali telala akusoka mayunifolomu. Ndinathamanga ngati wamisala n'kukabwereka sizasi, kufotokoza kwake ndikuthamanga kale pobwerera. Ndinawapatsa mayi aja m'manja, poti tsitsi la mwana wa mwini sudula uli wantchito. Iwo anaigwira sizasiyo n'kungoima.

"Lonseli, anti? Lero lomwe?"

Anayankha ndi mwanayo, atagwada kale pamchenga n'kuweramitsa mutu. "Dulani, amayi. Fulumirani, akuchoka."

Anadula. Kamchira kalikonse kakagwa ankakatola n'kukaika pachitenje, misozi ikutsika, koma dzanja silinaime. Amayi ena a pamzere anatizungulira, wina akuseka, wina akuti, "Limeranso, asisi, tsitsi si mwendo." Mutu unatsala wa zigambazigamba, pena pometeka pena ayi, ngati munda wolima waulesi. Kunena zoona mwana anaipa, koma iye analibe nazo ntchito. Anadzuka, kukutumula diresi, n'kuthamangira kutebulo yekha, ife tikumutsatira m'mbuyo.

"Aphunzitsi, ndabweranso."

Bambo aja anavalanso magalasi. "Iwe si uja wa nyanga uja? Nyanga zapita kuti?"

Mwanayo anaima njo, kuwongola mutu, n'kudutsitsa dzanja. Chala chinatsetsereka pamutu wometa uja, chinakhudza khutu, chinzake n'kubwera, ndipo analitsina pamwamba n'kuligwira zolimba. Aphunzitsi aakulu anazungulira tebulo kudzaona bwinobwino ngati mutu sunapendekeke, kenaka anaseka mpaka kutsokomola. "Koma ana a masiku ano! Dzina lako ndani?" Anatchula dzina lake, n'kuwauzanso zilembo zake chimodzichimodzi kuti asalakwitse.

Amayi a pamzere analulutira, ine ndiye ndinaposa onse. Mnzake wamtali uja anamugwira dzanja lamanzere n'kumukokera kukalasi. Koma lamanja silinachoke pakhutu. "Tsitsa dzanja, wapambana kale!" ndinamukuwira. Anapukusa mutu pang'ono osalisiya, poopa kuti akangolisiya amubweza. Anayenda choncho bwalo lonse, mkono uli pamutu, mpaka kukwera masitepe n'kulowa pakhomo la Sitandade 1.

Ndinadikira kuti mwina acheuka andibayibitse. Sanacheuke, manja onse awiri anali ndi ntchito. Ndinasangalala kwambiri, koma mtima unandiwawa, chifukwa m'pamene ndinazindikira kuti miyezi yonse ija ndinkakoka mkono wa mwana kuti andisiye. Amayi ake anamanga tsitsi lija pansonga ya chitenje, anapukuta m'maso, n'kundigwira paphewa.

"Tiyeni, anti," anatero. "Tikabweze sizasi ya eni ake."