Kachule Kotuwa ka Tabesi

Kulemba ndinaphunzirako kwa malume anga, mlembi wa nkhokwe za mumzinda uno wa Menefa. Ndikulemba paphale ili kuti inu zidzukulu zanga musadzamve za mayi wanu kwa anthu amiseche.

Tabesi, mkazi wa mwana wanga Khayi, ndi mwana wa msodzi. Anabwera pakhomo pano akungodziwa kutumbula nsomba. Ife ntchito yathu ndi tizithumwa: timapera timiyala toyera, n'kusakaniza ndi mchere wa kuchipululu ndi fumbi la mkuwa, phalalo n'kulidinda m'zikombole. Tikayanika, pamwamba pamatuluka kamchere konga ufa, ndipo kameneko ndi komwe moto umakasandutsa kubiriwira konyezimira. Kwathu ngakhale mwana amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake palibe anamuuza.

Tsiku lake lachitatu anaona tiachule, tizithumwa ta amayi oyembekezera, tili mbuu pamphasa. Anatenga kansalu konyowa n'kutipukuta tonse, kamodzikamodzi, kuti andisangalatse. M'ng'anjo tinatuluka totuwa ngati phulusa.

"Nyamula dengu lako ubwerere kumabwato kwanu," ndinatero.

Khayi anangozolika. Bambo ake analinso choncho.

"Ndipita, amayi," anatero Tabesi, "koma mundiuze kaye chimene ndachotsa. Kwathu nsomba yosatsuka sitipatsa mlendo."

Ndinamukhazika pamphero, n'kumuphunzitsa ntchitoyi kuyambira poyambirira.

Papita zaka khumi ndi zisanu. Lero Tabesi amangolawa phala ndi nsonga ya lilime n'kudziwa ngati mchere wakwana, ndipo chala chake chachikulu chinaphwatalala ndi kudinda. Tiachule totuwa tija tinatitaya mumtsinje, koma kamodzi iye anakabisa, n'kukavala pa mimba zake zonse zinayi. Ataulula ndinamupempha, ndipo tsopano kali pakhosi panga.

Dzulo kuchitsime mkazi wa wofulula mowa anakaona kachuleko. "Agogo, pakhomo pa zithumwa, inu n'kumavala kamwala? Mpongozi wanu wakumanani zowala?"

"Kamwala kameneka katulutsa ana anayi amoyo," ndinamuyankha. "Ukafuna zowala bwera ndi tirigu, Tabesi akugulitse. Pakamwapo usiye kunyumba."

Pobwerera mtsuko unandilemera. Tabesi akanangolira tsiku lija osafunsa, ndikanamuperekeza mpaka kudoko ndi mtima woyera, ndipo inu anayi simukanakhalapo. Zimenezi iye sindinamuuzepo. Mukadziwa kuwerenga, mudzamuwerengere.