Chibwereza ndi Timikanda Takufa

Inu amene mukuona ngati anzanu onse akusiyani m'mbuyo, khalani pansi mumve za mtsikana wina amene anzake a m'kalasi ankamutcha Chibwereza.

Tsiku limene mng'ono wake anavala gauni ya omaliza maphunziro, iye anaima kumbuyo kwa holo atamunyamulira chikwama. Woyamba kulowa koleji anali iyeyo, mng'ono wake n'kubwera pambuyo, koma kafukufuku womaliza wa Chibwereza anakanika. Amayi awo anaomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa. Iyenso anaomba, mano ali pamtunda, mumtima muli tsabola. Nsanje, abale, si matenda a anthu oipa okha.

Koleji inamupatsa mwayi umodzi wotsiriza. Akalepheranso, zaka zonse zija zalowa m'madzi. Ndiye ngati kuti chilonda sichinapweteke mokwanira, mng'ono wake analembedwa ntchito mu labu yomweyo, tebulo loyang'anana ndi lake.

Ntchito yawo inali ya enzayimu imene imaphwanya shuga wa mu mkaka, kuti anthu amene mkaka umawatsegula m'mimba azimwa mwamtendere. Ukangoithira mu mkaka, imapita nawo osabwerera. Choncho amaimangirira pa timikanda n'kutilonga mu paipi yagalasi, mkaka uzidutsa, iyo izitsala. Pamene pali ntchito ndi apa: uimange isathawe, koma ikhalebe yamoyo.

Mng'ono wake ankaitsekera m'timikanda tofewa. Inkagwira ntchito bwino, kungoti inkadontha pang'onopang'ono. Dokotala woyang'anira labu akamadutsa ankati, "Mwayesetsa, pitirizani." Mawu amenewo ankamulasa Chibwereza mpaka kumsana.

Iye ankagwiritsa ntchito mankhwala omangira, amene dzina lake limalumitsa lilime, moti a mu labu ankangowatcha guluu. Analumbira kuti zake sizidzadontha ngati za kamwana kaja, n'kuwonjezera guluu. Timikanda take tinalimba zedi. Atathira mkaka, unatuluka monga unalowera. Guluu anali atamata ndi pakamwa pomwe pa enzayimu, kamalo kamene imagwirira shuga. Atachepetsa guluu, enzayimu inakokoloka. Atawonjezera, inafa. Miyezi inatha akuzungulira pomwepo.

"Achemwali, bwerani tione limodzi," anatero mng'ono wake tsiku lina.

"Iwe ona zako. Ndinakusintha matewera ine."

Mng'ono wake atapita kutchuthi chokabereka, Chibwereza anapuma, koma nsanjeyo inangosamukira kwina. Digiri ali nayo, ntchito ali nayo, mwamuna ali naye, tsopano mwananso? Sanapite kukaona khandalo, ankanamizira kutanganidwa. Mpaka amayi awo anamuimbira foni.

"Mwana wafika poseka, mayi ake aakulu sakuwadziwa. Ukufuna anthu azinena chiyani?"

Anapita Loweruka masana, nkhope ili ndwii. Anapeza mng'ono wake ali ndi maso ofiira ndi tulo, nsalu zili mbwee pampando, akulimbana ndi kuwenga zikhadabo za mwana amene anali atadzikanda kumaso.

"Achemwali, ndigwirireniko dzanjali."

Chibwereza anagwira monga ankagwirira zonse, mwamphamvu. Mwana analira mpaka kubanika.

"Ayi achemwali, mumupweteka! Dikirani ayambe wayamwa. Pakamwa pakakhala podzadza, mutha kumugwira mmene mungafunire."

Mwana atalandira bere anangoti zii. Zikhadabo zinawengedwa zonse iye akumeza mwakachetechete. Chibwereza anatsala atagwira kadzanja kaja, maso ali pakamwa pa mwanayo, mutu uli ku labu.

Lolemba anasungunula shuga wa mu mkaka m'madzi, shuga yekha wopanda mkaka, n'kuviikamo enzayimu kuti pakamwa pake padzaze. Kenako anathira guluu. Ulendo woyamba shuga anachepa. Wachiwiri madzi anafunda kwambiri, shuga n'kutha guluu asanagwire. Anaziziritsa, n'kuyambiranso. Dzina lija la Chibwereza linayamba kugwira ntchito yake yeniyeni.

Tsiku lina anatsuka timikanda, nathira mkaka, nayeza zotuluka. Shuga anali ataphwanyika. Anatsukanso, nathiranso. Mawa lake chimodzimodzi, sabata yotsatira chimodzimodzi. Enzayimu inali yomangidwa, ndipo inali yamoyo.

Pa tsiku loteteza kafukufuku, mng'ono wake anakhala kumbuyo atabereka mwana. Dokotala anavula magalasi n'kufunsa, "Njira yoteteza pakamwa pa enzayimu ilipo m'mabuku, koma ine sindinakuphunzitseni. Munaiganiza bwanji?"

Apa nsanje inamunong'oneza komaliza. Tangonena kuti unawerenga wekha. Kamodzi kokha m'moyo, chinthu chikhale chako chokha. Anatembenuka n'kuona chikwama chake chili pamiyendo pa mng'ono wake, atachigwira ndi manja awiri.

"Anandiphunzitsa ndi mng'ono wanga, adokotala. Tikuwenga zikhadabo za mwana."

Holo yonse inaseka, ndipo anakhoza.

Panja, mng'ono wake anamukoka mkono, misozi ili mbwembwembwe.

"Achemwali, mukudziwa kuti zanga zikudonthabe? Tsiku lililonse ndinkasuzumira tebulo lanu, ndikusirira mmene zanu zimagwirira osadontha. Kufunsa ndinkaopa, mumandikalipira."

Miyezi yonse ija, theka la yankho linali patebulo la Chibwereza, theka linalo patebulo loyang'anana nalo, pakati pali iye ndi mtima wake. Anamasula mwana kumsana kwa mng'ono wake n'kumubereka yekha.

"Lolemba ubwere ndi timikanda tako todonthato," anatero.

Inu amene mukuwerenga, mwina mwabwereza mpaka anthu akupatsani dzina. Mwina amene munamusiya m'mbuyo wakupitirirani, ndipo mukamuona chakudya sichilowa. Sindikunamizani kuti nsanje imatha ndi pemphero la tsiku limodzi. Koma musalole kuti ikutsekereni chitseko cha munthu amene wasunga chimene mukusowa. Mutu umodzi susenza denga. Pitani mukagogode, bwererani patebulo lanu, yesaninso. Osataya mtima, wobwereza nayenso amafika.