Kumene Tinaika Amayi

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene amayi anamwalira. Inali nthawi yothyola fodya, ndipo ife tinali matenanti pa esiteti ina pafupi ndi katauni ka Pamkuyu, mbali za ku Simlemba. Kwathu kunali kunyanja, ku Nkhotakota, koma mvula inali itakokolola mlatho, ndiye panalibe galimoto yoti n'kunyamula maliro. Thupi la amayi linagona pamphasa m'kanyumba kathu kaudzu, fungo la fodya wa m'chigafa likulowa pakhomo. Kunja kunkatentha kwambiri. Ngakhale ine mwana ndinkadziwa kuti thupi silingadikire.

Bambo ananditenga kumanda a Pamkuyu kukapempha malo, mwina poganiza kuti anthu akaona mwana wamasiye adzamva chisoni. Tinapeza adzukulu, amuna okumba manda, atakhala pansi, makasu atawagoneka paudzu. Mkulu wawo anali a Zuze, munthu amene ankamwa thobwa la amayi tsiku lililonse la msika.

"Pepani a Banda," anatero osatiyang'ana. "Manda ano ndi a eni mudzi. Tikayamba kuika obwera, mawa mudzati nthaka ndi yanu."

Bambo anagwada m'matope, chipewa chili m'manja. Manja awo anali akuda bii ndi utomoni wa fodya. Ndinali ndisanawaonepo akugwadira munthu, ndipo ndinadana nawo a Zuze.

Kenaka anatulukira a Chimwaza, malume awo a Zuze, nkhalamba yolusa imene inkalondera zigafa n'kumatithamangitsa ndi ndodo tikamatola mango. Nditawaona ndinati basi, zathu zada.

"Iwe Zuze, dzuka," anatero. "Tiye undionetse manda a eni mudziwo."

Sanadikire yankho. Ana saloledwa kulowa kumanda, choncho ndinaima m'mphepete, koma mawu awo ankamveka bwino. Ankaloza mtumbira uliwonse ndi ndodo ija.

"Woyambayu, patsinde pa mkuyu, anachoka kunyanja ndi dengu la usipa pamutu. Miyendo itatupa, anakhala pompano, kuli tchire ndi afisi okha. Uyu ndi mkazi wake, Mtumbuka wa ku Mzimba. Uyu ndi telala wa ku Mulanje, ankasoka pakhonde pa sitolo ya Mmwenye. Awa anabwera kudzagwetsa mitengo esiteti ikutsegulidwa. Uyu ndiye anabweretsa chigayo."

Anaima pa manda ena omangidwa ndi simenti.

"Uyu ndi bambo ako, Zuze. Anabwera kudzalambula msewu ali ndi bulangete limodzi. Anamukumbira ndine. Timufukule azipita kwawo?"

A Zuze anayang'ana pansi, koma sanagonje, ndipo anyamata awo ankadikira mawu awo. Ine ndinkangoganiza za ntchentche zimene ndinazisiya zikuzungulira pakhomo pathu.

A Chimwaza anatola khasu okha n'kulasa nthaka. Ulendo wachiwiri anadzandira, natsala pang'ono kugwa. Mnyamata wina anathamanga n'kuwalanda khasulo, anzake n'kutsatira mmodzimmodzi. A Zuze anachoka osakumba nawo. Bambo atayamba kuwomba m'manja kuti athokoze, nkhalamba ija inawadula mawu.

"Musandithokoze ine. Mwana wanuyu amaba mango."

Amayi tinawaika dzuwa lisanalowe. Fodya atagulitsidwa, matenanti anzathu anabwerera kwawo, koma bambo anakana kusiya manda aja okha. Tinakhazikika, ndipo lero bambo nawonso ali chigonere pambali pa amayi.

Pamkuyu pano pali magetsi, sekondale ndi msewu wa phula. Anthu akamakamba mbiri ya tauni yathu amayambira pa sitolo yoyamba kapena pa msewu. Ine ndinaiphunzira nditaima m'mphepete mwa manda, ndipo ndinazindikira kuti eni mudzi onsewa ndi obwera amene wina anawalola kuika m'bale wawo.

Dzinja lapitali matenanti ena a ku Phalombe anataya mwana. Kumanda ndinamva mdzukulu wina wachinyamata akunena za obwera, kenaka anatembenukira kwa ine, mkulu wa imvi, kuti ndimuvomereze ngati mwini mudzi mnzake. Mtima unandiwawa ngati tsiku lija. Ndinamugwira dzanja n'kuyenda naye mtumbira ndi mtumbira, kuyambira patsinde pa mkuyu. Tinamalizira pa amayi anga.