Malamba Osalala pa Chitunda cha ku Greenwich

Ntchito yanga yoyamba ku London ndinaipeza nditatha miyezi isanu m'fulati ya ku Thamesmead ndikungoonerera mabasi pawindo. Ndinabwera kutsatira mkazi wanga, mayi a Tadala, amene anali namwino pachipatala china kuno. Ana tinawasiya ku Zomba kwa alamu anga. Mayi a Tadala ankalowa mashifiti aatali, akafika n'kusamba, kudya pang'ono, basi tulo. Ine amene ndinayendetsa thirakitala m'minda ya nzimbe ku Nchalo zaka zambirimbiri, ndinasanduka wotsuka mbale ziwiri n'kumadikira mnzanga adzuke.

Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi ku Ilford, a Mwansa, bambo wa ku Zambia, anandifunsa zomwe ndinkachita kumudzi. Nditawauza, anati pali mzungu wina amene anamugwirirapo ntchito, akufuna munthu wodziwa makina. Anandilembera dzina lake kuseri kwa pepala la nyimbo.

Mzunguyo anali a Graham, munthu wamtali wouma pakamwa. Kampani yawo yonse inali vani imodzi, ngolo, makina otchetchera udzu, ndi loda yakale ya matayala anayi. Loda ndi kamakina kamene umakhala mkati mwake, manja ake awiri ali kutsogolo, n'kumanyamula dothi ndi chibakete kapena katundu ndi mafoloko. Anandiloza paleti, kathandala ka matabwa kosanjapo katundu, yodzaza njerwa kuti ndiikweze pangolo. Nditaikweza n'kuitsitsanso popanda njerwa kugwa, anangoti, "Mawa seveni koloko."

Tinkasamala mabwalo a masukulu ndi a nyumba zosungira okalamba. Kapinga kuno amabwera wodulidwa kale ndi dothi lake, wopindidwa ngati mikeka, atasanjidwa pamapaleti. Umayamba wasenda udzu wakale, kuthira dothi latsopano, kusalaza ndi chipaliro, kenako kuyala mipukutu ija ukuyenda pamatabwa kuti mapazi asasiye maenje. A Graham ankandisiya pamalo m'mawa n'kudzanditenga madzulo. Nkhomaliro ndinkadyera muloda. Masiku ena ndinkafika kunyumba n'kuzindikira kuti chidzukireni sindinayankhule ndi munthu aliyense.

Panali nyumba imodzi ya okalamba kumtunda kwa Greenwich imene ndinkapitako sabata iliyonse. Inali pachitunda, msewu wake wautali wotsetsereka kuchokera pakhomo mpaka kugeti. Pawindo lapansi pankakhala agogo ena aamuna, bulangete pamaondo. Ndikangofika ankakweza dzanja, nane n'kukweza langa. Mkati sindinalowemo ndipo dzina lawo sindinkalidziwa, koma Lachiwiri lililonse ndinkadzuka ndikudziwa kuti lero pali munthu andipatsa moni.

Vuto la loda yakale linali matayala. Dothi la kuno ndi lamakande ndipo silichedwa kusunga madzi. Ukangokhota, matayala ankakumba mizere pakapinga, ndipo eni mabwalo anayamba kudandaula. A Graham anaganiza zogula loda yoyenda pa malamba a labala m'malo mwa matayala, chifukwa malamba amamwaza kulemera kwa makina pamalo aakulu. Ananditenga kwa ogulitsa. M'vani anandiuza kuti makinawo azidzagwira ntchito ziwiri, kapinga nyengo yotentha, ndi kukankha sinowo, chipale chogwa kumwamba chija, panja pa nyumba za okalamba nyengo yozizira.

"Woyendetsa ndiwe," anatero. "Usankhe ndiwe."

Chibwerereni kuno palibe anali atandifunsapo maganizo pa chilichonse, choncho ndinadzipereka. Ndinali nditayeza kale mageti onse ndi tepi, motero makina otambalala ndinawakana. Ndinafunsa kulemera kwake kuti ngolo yathu ikwanitse. Ndinanyamula paleti yodzaza n'kuikweza m'mwamba kuti ndione ngati kumbuyo kukunyamuka. Ndinasankha loda ya chitseko ndi hita yotenthetsa mkati, ndipo ndinayesa kangapo kuchotsa chibakete n'kulumikiza mafoloko ndi chitsulo chokankhira. Zonsezi ndinazichita bwino, mpaka lero sindidandaula nazo.

Kunatsala malamba. Analipo amitundu itatu: a mano akuluakulu a m'matope, a timizere ting'onoting'ono topingasa, ndi ena osalala ngati chikhatho. Ndinawayesa pa kapinga wa kuseri kwa yadi ya ogulitsawo. A mano anang'amba udzu. A timizere anasiya zipsera zochepa. Osalala aja sanasiye kanthu. Wogulitsa anayankhula zambiri mothamanga, Chingerezi chake cha m'mphuno. Ndinatolapo mawu onena za nyengo yozizira, zina zonse zinandidutsa. Ndinachita manyazi kumuuza kuti abwereze pamaso pa bwana amene anali atangondikhulupirira. Komanso sinowo amene ndinali nditamuonapo anali wongowazika ngati ufa, wosungunuka dzuwa lisanafike pamutu. Ndinagwedeza mutu n'kuloza osalala.

Miyezi yonse yotentha loda ija inandisangalatsa. Ndinaphunzira kusazungulira pamalo amodzi, koma kukhota pang'onopang'ono, kutsogolo, m'mbuyo, kutsogolonso. M'mawa uliwonse ndinkayang'ana kulimba kwa malamba n'kupopera girisi pamene pakufunika. Madandaulo anatha.

Kenako kunadza tsiku limene sinowo anagwa zenizeni. Ndinadzuka kunja kuli mbuu, kuli zii, mabasi osayenda. Mayi a Tadala anali atatsakamira kuchipatala, poti anzawo owalandira analephera kufika. A Graham anaimba kuti vani yakanika kutuluka kwawo. Mwamwayi loda inali itagona kunyumba ya pachitunda ija, kumene tinkakonza ngalande. Anati ndipeze njira yofikirako. Ndinayenda wapansi maola atatu, nsapato zitalowa madzi, m'njira ndikungokumana ndi magalimoto osiyidwa.

Nditafika ndinapeza ambulansi itaima kugeti, yalephera kukwera. Azachipatala anali atakwera wapansi ndipo anali mkati ndi wodwala. Mayi wina wakuda wosamalira okalamba anatuluka n'kundiuza m'Chingerezi kuti wodwalayo sanganyamulidwe pamanja poterera chonchi, galimoto ikuyenera kufika pakhomo, ndichite changu.

Ndinalumikiza chitsulo chokankhira n'kuyambira kumtunda. Pamalo osatsetsereka zinayenda bwino. Chimene sindinadziwe n'chakuti magalimoto a antchito amene anayesa kukwera m'mawa anali atatsendera sinowo wapansi kukhala ayezi. Nditangolowa potsetsereka, loda inayamba kuyenda yokha. Ndinabweza ndodo zowongolera, malamba akuzungulira m'mbuyo, makina akupitabe kutsogolo chammbali ngati sopo pasimenti yonyowa. Ndinatsitsa chitsulo mwamphamvu kuti chikande pansi. Loda inazungulira theka n'kukaima chopingasa, kumbuyo kutagunda kakhoma ka m'mphepete. Msewu umene ndinabwera kudzatsegula ndinali nditautseka ndi makina anga omwe.

Ndinayesa kutsogolo, ndinayesa m'mbuyo, malamba akungopukuta ayezi. Ndinatsika n'kudziyankhulira ndekha m'Chichewa kuti koma lero ndapha munthu. Mayi uja anali ataima pafupi.

"Kodi ndinu a kwathu?" anandifunsa m'Chichewa. "Achimwene, zolira pambuyo. Giriti ali m'chibokosi chachikasu icho. Fosholo muli nayo?"

Anali amayi Phiri, a ku Kasungu. Chaka chonse ndinkatchetcha panja pawo osadziwana.

Giriti ndi mchere wosakaniza ndi mchenga. Ndinamuthira pansi pa malamba onse awiri, n'kutenga matabwa athu oyalira kapinga kuwalowetsa kutsogolo kwake. Ndinkakwera, kusuntha pang'ono, kutsika, kusendeza matabwa, kukweranso. Amayi Phiri ankabweretsa giriti ndi ndowa, atangovala juzi pamwamba pa yunifolomu. Loda itachoka pamsewu ndinaisiya pomwepo. Kotsalako ndinagwira ndi fosholo, kuswa ayezi m'mizere iwiri yoti matayala apondemo, kuyambira pakhomo mpaka kugeti. Zonsezi zinatenga pafupifupi ola, pamene makina a malamba oyenera akanangodutsa kawiri kapena katatu.

Ambulansi inakwera. Atatulutsa wodwala pamachira, ndinaona kuti ndi agogo a pawindo aja. Anali ndi chopumira kumaso, maso otseka, manja atawafunditsa. Ndinaima ndi fosholo yanga mpaka chitseko chitatsekedwa. Amayi Phiri anandiuza kuti dzina lawo ndi a Walter, ndipo chimene chinawagwira ndi chifuwa. Anandibweretsera tiyi, kundifunsa kwathu ndi tchalitchi chimene timapita, kenako belu linalira mkati n'kuthamangirako. Ndinamwa tiyiyo ndekha muloda. Ndisanachoke ndinakokota sinowo yense wa m'mawilo a malamba kuti asaume n'kumanga makina, n'kuuyambanso ulendo wa ku Thamesmead. M'fulati munalibe munthu woti ndimuuze.

Patapita masiku awiri a Graham anabwera kudzaona kakhoma kogumuka. Sindinadikire kuti andifunse. Ndinawauza kuti zimene wogulitsa ananena zija sindinazimve, komanso kuti sinowo weniweni ndinali ndisanamuonepo chibadwire. Ndinkayembekeza kuti anditumiza kunyumba. Anakanda ayezi ndi nsapato.

"Ananena kuti osalalawa pa ayezi sagwira," anatero. "Ndinakuona kuti sunamve. Nane ndinkangoganiza za kapinga, ndiye ndinakusiya."

Sabata yomweyo anabweretsa malamba a timizere. Anandionetsa kasinthidwe kake: kunyamula makina mbali imodzi, kumasula kabawuti kuti girisi atuluke lamba afewe, kulikanula ndi chitsulo, kuvalika linalo, kupoperanso girisi mpaka lilimbe. Kuyambira pamenepo masamba akayamba kuthothoka tinkavalika a timizere, kukafunda n'kubwezera osalala.

A Walter sanabwererenso pawindo paja. Amayi Phiri anati atatuluka m'chipatala mwana wawo wamkazi anawasamutsira kufupi ndi kwawo. Ndinawafunsa ngati kuchedwa kwa ola lija kunawapweteka agogowo. Anati palibe ananenapo zimenezo. Sindinafunsenso, ngakhale kuti yankho limenelo silinandikwanire.

Ndinagwira kwa a Graham zaka zina zinayi, ndipo makina ndasankhapo ena angapo kuchokera apo. Ndisanayang'ane china chilichonse ndimayamba ndafunsa kuti tsiku loipitsitsa pachaka makinawa adzakhala ataima pati, pansi pali potani. Ndipo wogulitsa akathamangitsa Chingerezi, ndimamuimitsa n'kunena kuti sindinamve, abwereze. Ena amapumira m'mwamba, ena amayang'ana wotchi. Ine ndimangoima pomwepo mpaka nditamva.